Kuzolowera Madzi Si Kuwadziwa: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano Wathu wa Pachaka ku Ntcheu



Popeza bungwe lathu likukonza ulendo wa kunyanja, ndati ndikutsineni khutu, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Ife a ku Ntcheu ndife a kumtunda. Mitsinje imene tidakulira nayo ndi monga Rivirivi, Livulezi ndi Bwanje. Tikatsika kudzera ku Golomoti n'kufika ku Chembe, timangodalira wopalasa. Akatiuza kuti iye adabadwira pamadzi, mitima yathu imakhala pansi. Apo ndi pamene pali ngozi.

Munthu amene akuyamba kumene kupalasa amaopa, ndipo manthawo amamuteteza. Amayang'ana kumwamba, amafunsa za mphepo, amavala jekete yoyandamitsa. Koma amene waoloka kambirimbiri osaona vuto amayamba kusiya zimenezi pang'onopang'ono. Lero wasiya jekete, mawa wawonjeza anthu awiri, mkuja wanyamuka mochedwa. Tsiku lililonse akafika bwino, amayesa kuti ndi luso lake, chonsecho udali mwayi chabe.

Nyanja yathu si dziwe ayi. Kumpoto imazama pafupifupi mamita 700. Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, ndipo madzi amene adali bata amatha kuwinduka m'kanthawi kochepa. Pa 30 Julayi 1946, sitima ya Vipya, imene idali yatsopano, idamira ndi mphepo pafupi ndi Florence Bay, ndipo anthu 145 adafa. Ngati sitima yachitsulo idagonja, nanga bwanji bwato kapena timabwato ta kayak timene alendo amapalasa popita ku zilumba za Mumbo ndi Domwe? Ngakhale mitsinje sinyengerera. M'chaka cha 2023, anthu opita kumaliro adamira pa mtsinje wa Rusa ku Mchinji bwato lawo litagubuduzika.

Tsono ndikupempha zinthu zinayi. Choyamba, aliyense avale jekete asanakwere, wopalasa yemwe. Kusambira m'mafunde n'kosiyana ndi kusamba padooko. Chachiwiri, tiwerenge anthu okwera, ndipo bwato likadzaza otsalawo adikire. Chachitatu, tifunse asodzi za mphepo, ndipo wina wotsala kumtunda adziwe kumene tapita ndi nthawi yobwerera. M'bwato musasowe nkhafi yapadera ndi chokapira madzi. Chachinayi, mowa udikire titabwerako.

Kwa anzathu amene mumagwira ntchito yoperekeza alendo pamadzi, ndikuti: musachite manyazi kunena kuti lero sitipita. Mlendo akhoza kukwiya chifukwa walipira, koma adzakwiyira kumtunda ali moyo. Nafenso okwera, tikaona chokayikitsa tisakhale chete poopa kuoneka amantha.

Akuluakulu adati mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi. Ndikufuna kuti chaka chamawa tidzakumanenso tonse m'chipinda chino, mayina onse akaitanidwa tidzayankhe.