Makina Oŵerenga Madontho a Khansa ya M'maŵere: Mawu Oyankhulidwa pa Msonkhano wa Ophunzira Akale ku Ndamera



Khansa ya m'maŵere ili ndi mitundu. Mwa amayi 100 odwala nthendayi, pafupifupi 15 mpaka 20 ali ndi mtundu umene jini yotchedwa HER2 yachulukana m'maselo a chotupa. M'chaka cha 1987 Dennis Slamon wa ku Los Angeles anaonetsa kuti mtunduwu ndi waukali. Mankhwala ake, trastuzumab, anavomerezedwa ku America mu 1998. Komatu ndi odula, amatha kufooketsa mtima, ndipo amaperekedwa pokhapokha atatsimikiza kuti HER2 yachulukadi.

Njira ina yotsimikizira ndi iyi. Amadula kanyama ka chotupacho nakathira mankhwala oŵalitsa jiniyo ngati timadontho tofiira, ndi chromosome 17, imene jiniyo imakhalapo, ngati tobiriŵira. Dokotala amakhala mumdima pa maikulosikopu naŵerenga timadontho m'maselo osachepera 20. Tofiira tikaŵirikiza kaŵiri tobiriŵira, ndiye kuti jini yachulukana. Maso amatopa, ndipo madokotala aŵiri akhoza kusiyana pa galasi limodzi. Lero kompyuta imajambula galasilo, imasankha maselo niŵerenga mazanamazana osatopa, dokotala nkungotsimikiza.

Kuno ku Malaŵi, labotale ya chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe inatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi University of North Carolina, ndipo zithunzi za magalasi zinayamba kukambidwa pa intaneti ndi akatswiri a kunja. Kumeneko nkujambula chabe, koma makina oŵerenga amayambira pa chithunzi chomwecho.

Nkhaŵa yanga ili pa botolo. Kanyama kaja kayenera kuloŵa m'mankhwala a formalin ola lisanathe, ndi kukhalamo maola 6 mpaka 72 basi. Tsono taganizani kutentha kwa kuno ku Chigwa, ndi ulendo wochoka pa boma la Nsanje, kudzera ku Bangula ndi ku Nchalo, kukwera mapiri mpaka ku Queens ku Blantyre, makamaka dzinja Shire akasefukira. Kanyama kakaonongeka panjira, kompyuta iŵerenga ndithu mosakayika, koma iŵerenga zonama.

Choncho ndikupempha, Wapampando, kuti bungwe lathu litume anthu aŵiri kwa akuluakulu a zaumoyo m'boma lino, akafunse ngati formalin alipo nthaŵi zonse ndiponso masiku amene mabotolo amanyamuka. Inu amayi, kachotupa kosapweteka kam'bere kasadikire kukolola. Pitani nako kuchipatala cha Ndamera sabata yomweyo.