Maprawns kapena usipa? Mau olankhulidwa pa msonkhano ku Mchinji

Funso limene mwandiikira nlakuti kodi maprawns, tinkhanu ta m'nyanja yamchere tija anzathu a ku Mozambique amati camarão, timaposa nsomba pomanga thupi? Ena mwa inu munatizolowera muli ku Beira, Maputo kapena Dar es Salaam, ndipo chibwerereni kumudzi pambuyo pa chikhululukiro cha 1993 mkamwa mukadali kutikumbuka.

Ndiyambe ndi kuwachotsera mlandu maprawns. Anthu amati amatseka mitsempha ya mtima. Nzoona kuti ali ndi kolesterolo wambiri, pafupi-fupi mamiligalamu 190 pa magalamu 100 ophika. Koma m'chaka cha 1996 akatswiri a pa Rockefeller University ku New York anadyetsa anthu magalamu 300 a maprawns tsiku ndi tsiku, napeza kuti kolesterolo woipa wa m'magazi anakwera ndi 7 peresenti, pamene wabwino anakwera ndi 12 peresenti. Mafuta enieni ndi ochepa m'menemo, ndipo zomanga thupi nzochuluka ngati za nsomba. Amene ayenera kuwapewa ndi aja amene maprawns amawawenga, pakuti ena amatupa mpaka kubanika.

Tsono tiyeni ku usipa, matemba ndi kapenta amene amalowa pa chipata cha Mwami kuchokera ku Kariba ndi Mpulungu. Prawn timaisenda, mutu ndi chikamba nkutaya. Usipa timadya wonse, mutu, maso, minga ndi chiwindi chomwe. M'mingamo muli kashiamu wolimbitsa mafupa ndi mano, m'mutu ndi m'chiwindi muli vitamini A, komanso kansombaka kali ndi ayironi wowonjezera magazi ndi mafuta a omega-3 othandiza ubongo wa mwana. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira. Mwana wotere safuna mbale ya kuhotela ya kamodzi pa chaka. Afuna usipa wosinja, wothira m'phala kangapo pa sabata. Ine ndimadabwa kuona mai wophunzira bwino akuchita manyazi kugula mulu wa matemba, ati ndiwo za amphawi!

Pamene maprawns amapambana ndi pa ayodini, amene amateteza chithokomiro, chifukwa nsomba za m'madzi opanda mchere zili naye wochepa. Koma ameneyo timampeza kale mu mchere wa m'mapaketi wothira ayodini, pa mtengo wochepetsetsa.

Ganizaninso za mtunda. Mchinji ali kutali ndi nyanja yamchere, ndipo prawn ikasungunuka panjira, magetsi atazima, imaonongeka msanga kuposa nsomba youma. Ikamanunkha ngati mkodzo musaiphike, ngakhale mwaigula modula chotani.

Nsomba zathunso zili ndi mabvuto ake. Mukukumbukira m'chaka cha 2020 pamene nsomba za mumtsinje wa Bua zinatuluka zilonda, boma nkuletsa kuwedza ndi kugulitsa nsomba m'boma lino. Nsomba ya zilonda siyakudya. Ndipo usipa wouma uyang'aneni bwino musanapereke ndalama: wa nkhungu, kapena wonunkha mankhwala ophera tizilombo, usiyeni pa benchi pomwepo.