MPHUNZITSI KU DZIKO LA ENI



Masiku apitaŵa kudafika kwathu mnzanga amene tidaphunzira limodzi ku koleji ya aphunzitsi. Ine nditatsiriza maphunziro ndidapatukira ku ntchito ya wailesi, koma iye adapitirira ndi sukulu kufikira adapata digiri ya PhD, ndipo wakhala akuphunzitsa pa yunivesite ina m'dziko muno. Tsikulo adadza ndi kalata yochokera ku yunivesite ya ku Mangalande, yomuitana kukagwira ntchito kwa zaka zitatu. Abale ake anali atayamba kale nthungululu. Koma iye atakhala pansi adandifunsa nati: "Achimwene, mayi a kunyumba ali pa ntchito yabwino, ana aŵiri ali pa sukulu, ndipo amayi kumudzi akukalamba. Kodi ndipite?"

Funso limeneli ndilo ndifuna kuti tilingalire pamodzi, pakuti si la mnzangayo yekha. Ndi la aliyense amene aitanidwa kukaphunzitsa, kukachita kafukufuku kapena kukagwira ntchito ina pa sukulu ya ukachenjede ya m'dziko la eni.

Poyamba tidziŵe kuti ulendo wotere si wachilendo. Yunivesite ndi mudzi umene sukhala wa mtundu umodzi wa anthu. Pamene Yunivesite ya Malaŵi idayamba kuphunzitsa ku Chichiri m'chaka cha 1965, ili ndi ophunzira 90, mkulu wake woyamba anali Dr. Ian Michael wa ku Mangalande, ndipo aphunzitsi ambiri anali ochokera kunja. Anthu ameneŵa adasiya kwawo, nadzayamba kuzoloŵera moni wathu, chakudya chathu ndi dzuŵa lathu. Tidalandira alendo, lero ana athu nawonso akukhala alendo kwina.

Mwa Amalaŵi amene adayenda njira imeneyi, tiyeni titsate mapazi a malemu David Rubadiri, mlakatuli uja. Iwo adaphunzira ku Makerere m'dziko la Uganda ndi ku Cambridge, ndipo dziko lathu litalandira ufulu m'chaka cha 1964 adakhala kazembe wathu woyamba ku Amereka ndi ku bungwe la United Nations. Mu 1965 adasemphana maganizo ndi boma la nthaŵi imeneyo, natula pansi udindo, ndipo njira ya kwawo idatsekeka. Mu 1968 adayamba kuphunzitsa pa Makerere, pamene adadziŵika monga mphunzitsi waluso. Kumeneko, pamodzi ndi mlendo mnzawo David Cook wa ku Mangalande, adasonkhanitsa ndakatulo za alembi a kum'maŵa kwa Africa m'buku lotchedwa Poems from East Africa, limene lidatuluka mu 1971 ndipo lidaŵerengedwa m'sukulu zambiri. Taonani: alendo aŵiri, wina wa ku Malaŵi, wina wa ku Ulaya, kuthandiza eni dera kusunga mawu a ana awo. Adanenadi akulu kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Koma chaka chomwecho cha 1971 Idi Amin adalanda boma la Uganda. Chaka chotsatira mkulu wa Makerere, a Frank Kalimuzo, adatengedwa ndi anthu a boma ndipo sadaonekenso. Aphunzitsi ambiri adathaŵa, ndipo cha mu 1975 a Rubadiri nawonso adasamuka. Adakaphunzitsa ku Nairobi, kwa kanthaŵi ku Ibadan m'dziko la Nigeria, kenaka ku Yunivesite ya Botswana kufikira 1997. Ataimiranso dziko lathu ku United Nations, adabwerera kwawo, ndipo m'chaka cha 2000 adakhala mkulu wa Yunivesite ya Malaŵi. Adamwalira mu 2018.

M'moyo wa bamboŵa tiona zinthu ziŵiri. Choyamba, mlendo wophunzira angathe kuchita zazikulu kwa eni. Chachiŵiri, ngakhale atakondedwa chotani, mphasa imene wakhalapo si yake. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Masiku ano chimene chimasamutsa mphunzitsi mwadzidzidzi kaŵirikaŵiri si asilikali ayi, koma mapepala. Titenge chitsanzo cha ku Mangalande kumene mnzanga waitanidwa. Ambiri ochokera kunja amaloŵa kumeneko ndi chiphaso cha anthu a luso, chimene chimaperekedwa pokhapokha yunivesite itamuimira munthuyo kwa boma. Chiphasocho n'chomangika ku ntchito imeneyo. Ntchito ikatha nthaŵi yake isanakwane, boma limafupikitsa chilolezo, kaŵirikaŵiri kufika masiku 60, kuti munthu apeze womulemba wina kapena alongedze katundu. Mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, amene zilolezo zawo zimatsamira pa chake, nawonso ayenera kunyamuka. Motero mawu a akulu a pa ntchito amalemera kwambiri kwa mlendo kusiyana ndi kwa mnzake mbadwa, amene akachotsedwa ntchito amangobwerera ku nyumba kwake.

Asanakwere ndege, wochokera kuno ayenera kupimidwa chifuŵa chachikulu ku chipatala chovomerezedwa ndi boma la kumeneko. Ayeneranso kulipiriratu ndalama za chithandizo cha kuchipatala za zaka zonse zimene akakhale. Mu 2024 ndalamazi zidakwezedwa kufika pa £1,035 pa chaka kwa munthu wamkulu ndi £776 kwa mwana. Taŵerengani nokha: banja la akulu aŵiri ndi ana aŵiri, kwa zaka zitatu, liyenera kutulutsa £10,866 lisanalandire malipiro oyamba, ndiye osaŵerengera mtengo wa chiphaso ndi matikiti a ndege. Maiko ena ali ndi zipata zawozawo. Ku South Africa, mwachitsanzo, masatifiketi a kunja amayamba aunikidwa ndi bungwe la SAQA kuti aone ngati afanana ndi a kumeneko, ndipo zimenezi zimatenga nthaŵi.

N'chifukwa chake kalata yoitana munthu iyenera kuŵerengedwa modekha, nthungululu zitazirala. Kodi ntchitoyo ndi yokhazikika kapena ya zaka zoŵerengeka? Kodi adzalipira ndani ulendo, katundu ndi chiphaso? Mayunivesite ena amabweza ndalama zimenezi, ena amakongoza, ena salabadira n'komwe. Kodi pali nyumba yofikira m'masabata oyamba? Pakuti mlendo amapezeka m'msampha wodabwitsa: mwini nyumba afuna umboni wa ku banki, pamene a banki afuna umboni wa kumene munthu akukhala. Kodi ndalama za penshoni zimene azidula mwezi ndi mwezi adzazipeza bwanji akadzabwerera kwawo? Kufunsa mafunso otere si mwano. Mayunivesite ambiri ali ndi ofesi yothandiza antchito ochokera kunja, ndipo imayembekeza kufunsidwa.

Malipiro nawo amanyenga. Munthu akaŵasintha m'mutu kukhala makwacha amadziona ngati walemera kale. Aiŵala kuti msonkho adzadula m'ndalama za komweko, lendi adzalipira m'ndalama za komweko, ndi kuti m'maiko ozizira kufunditsa nyumba kumadya ndalama monga pakamwa pena pa m'banjamo. Kuno mwana wamng'ono amatsala ndi azakhali kapena agogo. Kumeneko womlera amalipidwa pa ola. Pamenepo makalata ndi mafoni ochokera kumudzi sasiya, chifukwa kwa abale munthu wa kunja sasoŵa. Walira mvula walira matope.

Tsopano tiloŵe m'kalasi. Mphunzitsi amene kuno ophunzira amamupatsa ulemu wa bambo adzadabwa kumva mwana wa zaka 19 akumuitana ndi dzina lake loyamba, namutsutsa pamaso pa anzake. Kumeneko si chipongwe. Ndiwo mwambo wawo wa kuphunzira. Pakutha pa chigawo ophunzira amalemba maganizo awo pa kaphunzitsidwe kake, ndipo akuluakulu amaŵerenga. Ena adzadandaula kuti Chingerezi chake sachimva, ngakhale iye wachilankhula chiyambire ubwana. Kukwezedwa pa ntchito kumadalira kwambiri zimene wafufuza ndi kusindikiza, ndi ndalama za kafukufuku zimene wakopa, koposa zaka zimene wagwira. Amene kwawo anali mkulu wa dipatimenti angathe kuyambira pa mpando wotsika, pansi pa munthu wocheperapo msinkhu. Tisabise: alipo amene amakumana ndi tsankho, lina loonekera, lina la kunsi kwa mphasa. Munthu afunika mtima wodzichepetsa kuti aphunzire, ndi msana wolimba kuti asapondedwe.

Komabe mtolo wolemera koposa sausenza mphunzitsiyo ayi. Iye m'maŵa uliwonse ali ndi kopita, ali ndi anzake, ali ndi dzina pa chitseko. Mnzake wa m'banja, amene kuno anali namwino, mphunzitsi kapena mwini sitolo, amatsala m'nyumba yotseka, m'mudzi umene anthu sagogoderana. Satifiketi yake ingafune kulembetsedwanso kapena mayeso atsopano asanaloledwe kugwira ntchito. Ku Stockholm m'mwezi wa December dzuŵa limatuluka cha m'ma 9 koloko m'maŵa ndi kuloŵa 3 koloko isanakwane. Ku Mangalande nako masana a nyengo imeneyo ndi aafupi. Mdima wotere pamodzi ndi kusungulumwa wagwedeza maukwati olimba. Ana amazoloŵera msanga, koma pakapita zaka zoŵerengeka makolo amazindikira kuti mwana sathanso kucheza ndi agogo ake pa foni. Ndipo tsiku lina usiku foni imalira ndi uthenga wa maliro, munthu ali kutali, tikiti ndi yodula, mayeso a ophunzira ali pakati.

Pali funso lina limene sitingalizembe. Dziko losauka likaphunzitsa mwana wake kufikira pamwamba, iye n'kukaphunzitsa ana a olemera, kodi si kuthaŵa nkhondo? Malemu Thandika Mkandawire adaganizapo kwambiri za nkhaniyi, pakuti adaidziŵa ndi moyo wawo womwe. Atalandidwa pasipoti ali kunja, adapeza pothaŵira ku Sweden, naphunzitsa ku Stockholm. Pambuyo pake adatsogolera bungwe la ofufuza a mu Africa la CODESRIA ku Dakar, kuyambira 1998 kufikira 2009 adatsogolera nthambi ya kafukufuku ya United Nations ku Geneva, ndipo potsiriza adakhala pulofesa ku London School of Economics. Mu 1995 adalemba za mibadwo itatu ya ophunzira a mu Africa. Woyamba udaphunzira kunja pa nthaŵi ya ufulu nubwerera kudzamanga mayunivesite athu. Wachiŵiri udaphunziranso kunja, koma ambiri sadabwerere, poona kugwa kwa chuma ndi ulamuliro wankhanza. Wachitatu udaphunzira konkuno, m'malaibulale opanda mabuku atsopano. Phunziro lake n'lakuti anthu sachoka chifukwa chodana ndi kwawo. Amachoka pamene kwawo kwaleka kuŵapatsa malo ogwirira ntchito imene adaiphunzira.

Ndipo kuchoka sikutanthauza kutayika. A Sam Mchombo, amene adaphunzitsa zaka zambiri ku Berkeley ku Amereka, adapangitsa kuti Chicheŵa chidziŵike pakati pa akatswiri a zilankhulo pa dziko lonse, ndipo buku lawo la malamulo a chilankhulochi lidasindikizidwa ku Cambridge mu 2004. A Paul Tiyambe Zeleza, ataphunzitsa ku Jamaica, Kenya, Canada ndi Amereka, adachita kafukufuku amene adabala ntchito ya bungwe la Carnegie yoyambira mu 2013, yotumiza akatswiri obadwira mu Africa kukathandiza kwa kanthaŵi m'mayunivesite a maiko monga Ghana, Kenya ndi Uganda. Tsono muyeso wa ulendo si mtunda umene munthu wayenda, koma ngati chingwe chomulumikiza ndi kwawo chikadalipo.

Nanga mnzanga uja ndidamuyankha chiyani? Sindidamuuze kuti apite kapena akhale, pakuti nkhani ya m'banja aŵeruza ndi eni ake. Ndidangompempha zinthu zinayi. Akambirane ndi mayi a kunyumba monga anthu aŵiri olingana, popeza iwo ndiwo adzasiya zambiri. Aŵerengere ndalama ndi pensulo, osati ndi mtima. Pa yunivesite yake asatule pansi ntchito mwaukali, koma apemphe tchuthi chosalipidwa ngati malamulo alola, ndipo ophunzira amene akuŵayang'anira pa kafukufuku asaŵasiye m'malere. Potsiriza, akhale pansi ndi amayi ndi abale, agwirizane za amene adzasamala pakhomo, ndi kunena poyera chaka chimene ayembekeza kubwerera.

Adapinda kalata yake, nandiuza kuti akayamba ndi kumudzi. Pamene ndikulankhula pano sindidamve chimene agwirizana. Koma ngati adzapita, ndikhulupirira adzapita maso ali otseguka, akudziŵa kuti kwa eni adzakhala katswiri ndi mlendo pa nthaŵi imodzi, ndi kuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Inu omvera amene mudayendapo ulendo wotere, kapena amene mudatsala pakhomo wina atapita, tilembereni kuti ena aphunzirepo.