Maina Amene Anatisiyira

Pamene parishi yathu yakwanitsa zaka 100, ambiri ayamikira kale tchalitchi ndi amene anachimanga. Ine ndikumbutseko za pepala lina la maina.

Pa 16 Disembala 1972, asilikali a Apwitikizi anapha anthu pafupifupi 400 ku Wiriyamu ndi m'midzi yoyandikana nayo, kumwera kwa mzinda wathu uno wa Tete. Ena opulumuka anafika kuno ali mabala okhaokha. Bambo Domingos Ferrão, wansembe wa m'dziko lathu lino, anasonkhanitsa maina a akufawo limodzilimodzi, chikhalirecho ankadziŵa bwino lomwe nkhanza za apolisi a atsamunda. Ansembe a Burgos anatulutsa mbiriyo m'dziko muno, ndipo mu 1973 Bambo Adrian Hastings anaiulula m'nyuzipepala ya The Times ku London. Boma la Portugal linadzapepesa mu 2022, mochedwa ndithu.

Akuphawo anafuna kuti anthu aja aiŵalike. Wansembeyo anakana, pakuti anali ana a Mulungu, yense ndi dzina lake.

Tsono tikafika pa pemphero la akufa m'Misa ya lero, tikhale chete pang'ono, ndipo yense atchule mumtima dzina la amene anamphunzitsa chizindikiro cha mtanda.