Kuthamanga Si Kufika

  Abusa andipatsa mphindi zimenezi kuti ndifotokoze za mpikisano umene ndinakachita ku Durban, chifukwa ambiri mwakhala mukundifunsa: "Kodi akulu, mendulo ija munaitenga bwanji? Inu ndi mimba ija?" Lero ndiyankha nonse pamodzi.

Mpikisanowu dzina lake ndi triathlon. Ndi mipikisano itatu yolumikizana: umayamba kusambira, ukatuluka m'madzi umakwera njinga, ukatsika panjinga umathamanga. Palibe kupuma pakati. Wotchi ikayamba kuyenda, imakaima ukafika kumapeto. Masewerawa anayambira ku San Diego, ku America, m'chaka cha 1974. Mu 1978 ku Hawaii kunachitika wautali uja amati Ironman: makilomita 3.8 m'madzi, 180 panjinga, 42.2 wapansi. Anayamba anthu 15, amene anamaliza ndi 12. Ku Olympics masewerawa analowa mu 2000, ku Sydney. Umene ndinachita ine ndi theka la Ironman, amautcha 70.3: makilomita 1.9 kusambira, 90 panjinga, 21.1 kuthamanga. Zonse pamodzi makilomita 113, tsiku limodzi, thupi limodzi.

Ine si katswiri, abale anga. Ndine munthu wantchito ngati inu nomwe. Chimene chinandilowetsa m'zimenezi ndi mawu a dokotala. Ndili ndi zaka 43 anandiyeza n'kundiuza kuti BP yakwera, thupi lalemera, ndipo ndikapanda kusintha, ana anga adzakula ndi bambo wodwala. Ndinayamba ndi kuyenda pansi. Kenako ndinagula njinga yakale kwa munthu. Kusambira ndiye ndinakula nako, poti kwathu ndi ku Nkhotakota. Nditaona kuti thupi layamba kumvera, ndinalembetsa mpikisano. Ndalama yolembetsera ndinaisunga miyezi inayi. Kukonzekera kunatenga miyezi isanu ndi itatu, kudzuka 4 koloko m'mawa ndisanapite kuntchito. Ndiye mumvetse kuti popita ku Durban ndinanyamula zambiri: ndalama za pakhomo, tulo timene ndinataya, ndi mawu amene ndinalonjeza mayi akunyumba.

Tinanyamuka ku Johannesburg Lachisanu m'mawa, mwezi wa June, ine, mayi akunyumba, ndi mbale wina wa mumpingo amene anatitenga pa bakkie yake. Njinga tinaimanga kumbuyo, tinaifunditsa bulangete ngati mwana. Msewu wake ndi N3, makilomita pafupifupi 570. Pa Harrismith kunali chisanu choluma zala. Kenako msewu umatsika phiri la Van Reenen, umatsikabe, kudutsa Pietermaritzburg, mpaka ukayamba kumva fungo la nyanja majuzi onse uli utavula. Johannesburg ili pamtunda, mamita opitirira 1,700 kuchokera pamene pali nyanja, ndipo mpweya wake ndi wopepuka. Munthu amene wazolowera kuthamanga kumeneko akatsikira ku Durban amapuma bwino, chifuwa chimadzaza. Koma Durban ili ndi msampha wake: kumakhala chinyezi, thukuta limangotsika, ndipo dzuwa likakwera limawotcha ngakhale m'nyengo yozizira.

Loweruka linali tsiku lopereka katundu. Anandipatsa nambala, anandimanga kachingwe pamkono, njinga ndinakaisiya pamalo pake kuti igone komweko. Zovala za panjinga m'thumba lake, nsapato zothamangira m'thumba lake. Nditayang'ana njinga za anzanga, mtima unagwa. Zina mtengo wake ukhoza kumanga nyumba yamalata kwathu. Yanga inali pakati pawo ngati ya kabaza imene yasochera. Madzulo tinagona kwa mbale wina wa kwathu, ndinadya mpunga nthawi yabwino, koma tulo sitinabwere.

Tamverani malamulo ake, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Kusambira uyenera kumaliza pasanathe ola limodzi ndi mphindi 10. Kusambira ndi njinga pamodzi, maola asanu ndi theka. Mpikisano wonse, maola asanu ndi atatu ndi theka. Ukapyola pamenepo, ngakhale utafika, dzina lako sililembedwa pa omaliza. Lamulo lina: palibe wachibale kapena mnzako wa m'mbali mwa msewu amene angakupatse madzi kapena kukugwirira njinga. Lina: panjinga suloledwa kubisala kumbuyo kwa mnzako kuti akutchingire mphepo, uyenera kusiya mpata wa mamita 12. Mwamva? Anthu alipo ambirimbiri, koma mphepo yako uikumana nayo wekha.

Mpikisano unali Lamulungu, ndiye tsiku limenelo mpando wanga kutchalitchi unali wopanda munthu. Kunja kukucha tinali titaima kale pamchenga. Amatilowetsa m'madzi ochepaochepa, osati onse nthawi imodzi. Abale anga, ine ndimati madzi ndimawadziwa. Ndasambira mwera ukuwomba pa Nkhotakota. Koma nyanja ya mchere ndi ina. Funde loyamba linabwera lalitali kuposa ine, ndinalowa pansi pake, ndikutuluka lina lafika. Madzi akalowa m'kamwa amawawa kukhosi, osati ngati athu aja timamwa tikusambira. Wina anandimenya chidendene kumaso. Pamenepo mtima umayamba kugunda ngati ng'oma, ndipo thupi limakuuza kuti fulumira, tuluka muno. Ine ndinadziuza kuti: pano ndi poyambira chabe, kutsogolo kuli makilomita 111. Ndinachepetsa liwiro, ndinayamba kuwerenga mikono, ikakwana isanu ndi umodzi ndidzutse mutu ndione chizindikiro choyandama chija. Ubwino wa madzi amchere ndi wakuti amakunyamula, sumira msanga. Ndinaponda mchenga patatha mphindi 44.

Potuluka m'madzi mutu umazungulira, koma wotchi ikuyendabe. Uvule, uvale, umange chipewa cholimba chija usanakhudze njinga, ndiye ukankhe njinga mpaka pamzere wokwerera. Tinalowa msewu wa M4 wolowera kumpoto, cha ku Umhlanga, nyanja ili kudzanja lamanja.

Apa ndi pamene pali phunziro langa lalikulu. Anthu anayamba kundipitirira. Anyamata anandipitirira. Azibambo amimba kuposa yanga anandipitirira. Mayi wina wa imvi anandipitirira ngati ndaima. Miyendo inali ndi mphamvu, mphepo inali kumbuyo, ndipo mtima umati: "Kodi iwe, ukusiyidwa ndi agogo? Palasa!" Koma pa miyezi isanu ndi itatu ija ndinali nditaphunzira liwiro limene thupi langa lingasunge kwa maola atatu ndi theka, n'kutsalabe ndi miyendo yothamangira. Liwiro limenelo ndi langa. La agogo aja ndi lawo, sindikudziwa zaka zimene akhala akupalasa. Ndinawasiya apite.

Ndipo panjinga ndi pamene umadyera. Chakudya chimene thupi limasunga kuti ligwire ntchito yolemetsa sichifika maola awiri. Ukadikira kuti umve njala, wachedwa kale. Ukadikira ludzu, wachedwa kale. Ndiye mphindi 20 zilizonse ndimaluma kanthu, nthochi kapena kabuledi ka chiponde, ndimamwa madzi osakaniza ndi mchere ndi shuga, chifukwa thukuta limatuluka ndi mchere wa m'thupi. Ukudya pa kilomita 30 kuti udzathe kuimirira pa kilomita 105.

Pa kilomita 62 ndinangomva njinga ikugwedera. Tayala lakumbuyo laphwa. Palibe wokukonzera pompo, palibe shedi ya okonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Ndinatsika, ndinagula tayala, kuchotsa chubu, kupapasa mkati mpaka ndinapeza kawaya kakang'ono, kuika chubu china, kupopa. Manja akunjenjemera, njinga zikungodutsa, fyuu, fyuu. Mphindi 11 zinapita. Nditakweranso, mayesero anabwera aakulu kuposa oyamba aja: bweza nthawi imene yatayika! Koma ndinawerengera. Malire a maola asanu ndi theka anali patali. Mphindi 11 zapita, zapita basi. Ndikazithamangitsa tsopano, ndikazilipira ndi chiwongoladzanja pothamanga. Ndinabwerera pa liwiro langa lomwe lija, mphepo tsopano ili kumaso. Njinga ndinamaliza pa maola atatu ndi mphindi 40.

Amene simunayesepo kuthamanga mutangotsika panjinga, tamverani. Miyendo imakhala ngati ya munthu wina. Imakhala ngati zipika za nkhuni. Makilomita awiri oyamba umangoti kodi ndikuyenda kapena ndaima. Njira yake ndi ya m'mphepete mwa nyanja, kudutsa pafupi ndi bwalo la Moses Mabhida, lija anamangira World Cup ya 2010. Nthawi inali itapitirira 11 koloko, dzuwa lili pamutu. Ndinadziikira lamulo: pamalo aliwonse operekera madzi ndiyende, ndimwe, ndithire ena m'mutu, kenako ndithamangenso.

Pofika kilomita 8 ndinayamba kuzindikira misana. Malaya ofiira aja anandidutsa ngati mphepo, awa akuyenda manja m'chiuno. Bambo uja wa njinga yodula, uyu watsamira chitsulo akusanza. Mnyamata wina anakhala pansi atagwira katumba, minofu yakokana, akulira misozi. Sindikuwaseka ayi, ndinawamvera chisoni, poti nawonso anasunga ndalama, nawonso anadzuka 4 koloko. Mphamvu anali nazo, mwina kuposa ine. Anangozithera pamalo pamene sipanali pothera. Agogo aja ndiye sindinawapezenso, iwo liwiro lawo amalidziwa bwino.

Nanenso yanga inandipeza pa kilomita 17. Mawondo akuwawa, phazi latuluka chithuza, m'mutu mukubwera mawu akuti khala pansi pang'ono chabe. Pamenepo ndinamva mawu a Chichewa pakati pa Chizulu ndi Chingerezi: "Abambo, limbikirani! Mwatsala pang'ono!" Anali mayi akunyumba, atakwera pakakhoma, chitenje chili m'manja akuchikupiza. Madzi sakanatha kundipatsa, lamulo limakana. Koma mawu lamulo silikana. Ndinasiya kuganiza za makilomita anayi, ndinayamba kuganiza za mtengo wa magetsi wotsatira. Ndikaufika, wina. Ndikaufika, wina. Ndinalowa pomaliza patatha maola asanu ndi awiri ndi mphindi 18. Akatswiri anali atamaliza kalekale, asamba, adya. Koma mendulo imene anandiveka ndi yofanana ndi ya aliyense amene anafika nthawi isanathe.

Makolo athu anati kuthamanga si kufika. Ine ndinaziona ndi maso pamsewu wa ku Durban, ndipo ndikufuna ndilankhule ndi anthu angapo amene akundimvera.

Iwe mnyamata amene wangofika kuno ku Joni, ukugwira ntchito ziwiri, usiku ndi usana, sukudya bwino, sukugona, chifukwa mnzako wamanga kale nyumba kumudzi. Mnzakoyo sukudziwa anayamba liti. Ulendo wako ndi wa zaka, thupi lako ndi limodzi lomweli. Usalithere pa kilomita 20.

Inu bambo amene malipiro amatha sabata yoyamba, masiku otsalawo n'kumayendera katapila. Mwezi uli ndi magawo ake ngati mpikisano uja. Chimene mwawononga mphepo ili kumbuyo, mudzachifuna mphepo ikatembenuka.

Inu mayi amene geni inagwa, kapena matenda anakubwezerani m'mbuyo chaka chathunthu. Tayala laphwa, inde. Konzani, kwerani, bwererani pa liwiro lanu. Musatenge ngongole zitatu kuti mubweze m'mwezi umodzi zimene zinatayika m'chaka. Anthu ambiri sagwa chifukwa cha tayala, amagwa chifukwa cha liwiro limene amathamanga tayala litakonzedwa.

Ndipo inu amene muli m'mbali mwa msewu, mukuona m'bale wanu akuvutika ndi katundu amene simungamusenzere: mayeso ake, mankhwala ake a tsiku ndi tsiku, maliro ake. Simungathamange m'malo mwake. Koma pitani mukaime pamene akuvutikira, mumuitane m'chinenero chake. Ine ndikukuuzani, zimafika m'miyendo.

Pomaliza, azibambo anzanga a zaka 40 kupita m'tsogolo, sindikuti nonse mukagule njinga mupite ku Durban. Pitani kuchipatala akakuyezeni BP ndi shuga, kuyezako sikupweteka. Akakulolani, yambani kuyenda mphindi 30 patsiku, masiku asanu pasabata. Sabata yoyamba musathamange. Ine BP yanga inatsika, ndipo dokotala akuiyang'anirabe. Pang'onopang'ono ndi mtolo.