Kudziyankhira Nokha pa Mlandu wa Liwiro la Galimoto

Lero ndifuna kulankhula ndi inu oyendetsa magalimoto pa msewu wa M12, wochokera ku Lilongwe kudzera pa Namitete ndi pa Kamwendo, kufika pa boma la Mchinji ndi ku malire a Mwami. Inunso ochokera ku Chipata tcherani khutu, pakuti mukangodutsa chipata chija chimene atsogoleri a Malawi ndi Zambia anatsegula mu December 2022, lamulo lokugwirani ndi la Malawi.

Tiyerekeze kuti apolisi akuimitsani, nanena kuti makina awo aonetsa kuti munapyola liwiro lololedwa. Pamenepo pali njira ziwiri. Ngati mudziwa mumtima mwanu kuti munathamangadi, lipirani faini, ndipo musachoke osalandira risiti ya Boma. Koma ngati mukhulupirira kuti simunalakwe, muli ndi ufulu wokana ndi kupempha kuti nkhaniyo ikaweruzidwe ku bwalo la majisitireti. Njira yachitatu, yopereka kangachepe m'manja mwa munthu, ndiyo chiphuphu, ndipo lamulo la 1995 loletsa ziphuphu limalanga wopereka ndi wolandira yemwe.

Ambiri amalipira chifukwa cha mantha okha, namati, "Ine ndilibe loya, nanga Chingerezi ndichidziwira kuti?" Musaope. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 42, akuti munthu woimbidwa mlandu ayesedwe wosalakwa kufikira mlanduwo utatsimikizidwa. Kuti aweruzidwe m'chinenero chimene amamva, kapena amutanthauzire. Ndiponso kuti aloledwe kupereka umboni wake ndi kutsutsa umboni wa omuneneza. Tsono loya ngwothandiza ndithu, koma khomo la bwalo silitsekedwa kwa munthu wopanda loya.

Mlandu wotere umayamba kukonzedwa pamsewu pomwepo. Musakangane ndi apolisi kapena kutukwana, pakuti mukatero mungodziitanira mlandu wina. Pemphani mwaulemu kuti muone nambala imene makinawo aonetsa. Lembani tsiku, nthawi ndi malo enieni. Onani kumene kuli chikwangwani cha liwiro: kodi chilipo, chikuoneka, kapena chabisika ndi mitengo? Chijambuleni ndi foni yanu. Kumbukirani ngati panali galimoto lina pafupi ndi lanu. Lembaninso maina a anthu amene munanyamula, popeza iwowo angakhale mboni zanu.

Tsiku la mlandu fikani m'mamawa, mutatenga laisensi yanu ndi mapepala onse. Musajombe, munthu wojomba angathe kumutulutsira chikalata chomugwira, ndipo mlandu suola. Adzakuwerengerani mlandu, nadzakufunsani ngati muvomera kapena mukana. Ngati simunamve bwino, nenani, adzabwereza. Musavomere pongofuna kuti mupite kwanu msanga.

Mukakana, udindo wotsimikiza mlandu uli pa woimira Boma, amene kawirikawiri amakhala wapolisi. Koma dziwani kuti majisitireti si wapolisi ayi. Iye amamva mbali zonse ziwiri. Wapolisi amene anakuimitsani akatha kupereka umboni, mudzapatsidwa mpata womufunsa mafunso. Apa ndipo pagona nkhani. Anthu ambiri amataya mpata umenewu poyamba kufotokoza mavuto awo, pamene ili ndi nthawi yofunsa basi. Funsani mafunso aafupi, limodzilimodzi. Munaima pati? Chikwangwani chinali mtunda wotani kuchokera pamenepo? Mudziwa bwanji kuti makina anagwira galimoto langa, osati lina? Makinawo anayesedwa liti kuti akuwerenga zoona, ndipo kalata yake ili kuti? Kodi inu munaphunzitsidwa kagwiritsidwe kake? Safunsa anadya phula.

Mboni za Boma zikatha, majisitireti adzaona ngati pali mlandu woti muyankhe. Ngati palibe, mudzamasulidwa pomwepo. Ngati ulipo, mungathe kukhala chete, kapena kulumbira ndi kufotokoza mbali yanu, ndi kuitana mboni zanu. Nenani zoona zokhazokha, chifukwa nanunso adzakufunsani mafunso, ndipo bodza la munthu wolumbira ndi mlandu paokha. Mawu akuti "ndinali pachangu" kapena "ena onse amathamanga" sakupulumutsani. Kumeneko ndi kuvomera komwe.

Bwalo likakupezani wolakwa, mudzaloledwa kupempha kuti chilango chichepe. Tchulani ngati ndi mlandu wanu woyamba, ngati simunapweteke munthu, ndiponso ngati banja lanu limadya chifukwa cha chiwongolero chimenecho. Ngati simukhutira ndi chiweruzo, mungachite apilo ku Bwalo Lalikulu. Koma masiku ochitira apilo ngowerengeka, choncho funsani kalaliki wa bwalo tsiku lomwelo. Osauka angathenso kukapempha uphungu ku Legal Aid Bureau, bungwe la Boma lothandiza pa milandu anthu osatha kulipira loya.

Potsiriza ndikuchenjezeni. Kupita ku bwalo kumadya masiku a ntchito, ndipo wopezeka wolakwa angathe kulipira zoposa zimene akanalipira pamsewu. Chifukwa chake pitani kokha ngati muli ndi chifukwa chenicheni. Lamulo la zapamsewu la 1997 silinaikidwe kuti lizunze madalaivala. Tsiku la msika pa Kamwendo pamakhala ana, amayi osenza katundu, akabaza ndi ngolo za ng'ombe m'mphepete mwa msewu womwewo. Bwalo lilipo kuti wosalakwa asalipire mlandu umene sanapalamule, koma silingadzutse mwana amene wagundidwa. Mukafika pa malo otere, chepetsani liwiro. Kuthamanga si kufika.

Tsalani bwino, ndipo muyende bwino pamsewu.