Mutu Ukakula Sulewa Nkhonya: Katundu wa Mphunzitsi wa Mpira

Awa ndi mawu amene mnzathu wina, yemwe anaphunzitsapo mpira kuno ku Chigwa cha Shire, analankhula pa msonkhano wathu wa pachaka. Tawasindikiza monga momwe anawalankhulira.



Pamene a mlembi anandilembera kalata yondipempha kuti ndidzalankhule lero, anati mutu ndisankhe ndekha. Ndinali nditakonzeka kukamba za mabuku a m'laibulale, koma ndinasintha maganizo nditamva kuti anzathu ena akufuna kuti bungwe lathu lilembere a Mphunzitsi Wamkulu kuwapempha kuti mphunzitsi wa zamasewero asiyitsidwe kuyang'anira timu ya mpira, chifukwa anyamata athu anagonja mochititsa manyazi pa mpikisano wa masukulu. Tisanalembe kalata imeneyo, ndiloleni ndikuuzeni katundu amene munthu wophunzitsa mpira amasenza, popeza ineyo ndinamusenzapo kwa zaka khumi ndi timu ya kumudzi kwathu.

Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo pa mpira mutu waukuluwo ndi kochi. Timu ikapambana, aliyense amati "tawina", ndipo amene amanyamulidwa pamapewa ndi mnyamata wogoletsa chigoli. Timu ikagonja, mawu amasintha, amati "kochi watiluzitsa". Chomvetsa chisoni ndi chakuti woyimbira akangoliza wezulo, kochiyo alibenso mphamvu. Amaima kunja kwa mzere kwa mphindi 90, kukuwa mpaka mawu kusasa, koma mpirawo sangaumenye. Ntchito yake yonse ya sabata ili m'miyendo ya anthu ena, pomwe mlandu wonse uli pamutu pake.

Ine usiku wa Lachisanu sindinkagona. Ndinkangotembenuka pamphasa kuwerengera mayina khumi ndi limodzi, ndikudziwa kuti amene ndimusiye panja ndi mwana wa mlamu wanga kapena mdzukulu wa a mfumu. Tsiku lina titagonja pakwathu, ochemerera anandilondola mpaka kunyumba, ena akuti ndinadya ndalama za timu inayo, ena akuti ndinakana kupita kwa sing'anga. Mayi akunyumba anatseka chitseko ana akulira. Patapita miyezi ingapo a chipatala anandipeza ndi nthenda yothamanga magazi. Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni, koma kuti mudziwe kuti kunyozako kumafika mpaka m'thupi ndi m'banja la munthu.

Mwina muziti zimenezi ndi za kumudzi. Tiyeni tione za timu ya dziko lathu, ya Flames. A Kinnah Phiri anatenga timuyi mu 2008, ndipo mu Juni chaka chomwecho anagonjetsa Egypt 1 kwa 0 pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre, nthawi imene Egypt inali katswiri wa Africa yense. Anatitengera ku mpikisano wa chikho cha mayiko a mu Africa ku Angola mu 2010, patatha zaka 26 chipitireko mu 1984, ndipo ku Luanda tinathira Algeria zigoli 3 kwa 0. Ambiri a ife tinavina m'misewu tsiku limenelo. Koma pofika Januwale 2013, timu itasiya kuchita bwino, munthu yemweyo anachotsedwa ntchito.

A Meke Mwase nawo anaona zofanana. Mu Malichi 2021 anagonjetsa Uganda 1 kwa 0 ndi kutipezera malo ku mpikisano wa ku Cameroon. Ulendo utayandikira, bungwe la FAM linaika a Mario Marinica pamwamba pawo. Kumeneko mu Januwale 2022 a Marinica atapezeka ndi matenda a Covid-19, anali a Mwase omwewo amene anatsogolera timu pamene tinagonjetsa Zimbabwe 2 kwa 1 ndi zigoli za Gabadinho Mhango. Chaka chomwecho ntchito yawo inatha. A Marinica nawonso anachoka mu 2023, Flames itagonja 4 kwa 0 ndi Egypt ku Lilongwe. Mpando umenewu ndi wa moto kwa aliyense woukhala.

Ngakhale ku Ulaya, kumene makochi amalandira ndalama zankhaninkhani, nkhani ndi yomweyi. A Claudio Ranieri anadabwitsa dziko lonse potenga ligi ya ku England ndi timu yaing'ono ya Leicester City mu 2016, koma mu Febuluwale 2017 anawachotsa. A Jürgen Klopp mu Januwale 2024 analengeza okha kuti asiya Liverpool chifukwa mphamvu zinali kuwathera. Ndipo pa 10 Sepitembala 1985, a Jock Stein, mphunzitsi wa timu ya Scotland, anagwa pabwalo ku Cardiff masewero ndi Wales ali pafupi kutha, namwalira usiku womwewo.

Tsono ngati anthu okhala ndi madokotala, mabasi ndi mabwalo a kapinga wobiriwira amalemedwa chotere, nanga bwanji wophunzitsa mpira kuno kwathu ku Chikwawa ndi Nsanje? Inu mukudziwa dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala, mmene nthaka imaotchera mapazi, mwakuti zokonzekera zimayamba dzuwa litapendeka ndipo mdima sumachedwa. Mukudziwanso madzi. Mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, mu Januwale 2022 ndi namondwe Ana, ndiponso mu Malichi 2023 ndi namondwe Freddy, midzi yambiri inamira ndipo masukulu ochuluka anasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Kodi kochi angaphunzitse bwanji mpira pamene bwalo ladzaza matenti, osewera ake ena ali kutsidya kwa Shire, ena akuthandiza makolo kumanga nyumba zogwa?

Onjezanipo ulendo. Timu yochokera ku Bangula kapena ku Ngabu ikafuna kukasewera ku Blantyre, imayenera kukwera mapiri a Thabwa, anyamata atathithikana pa lole, ndipo imafika miyendo itauma kale. Mnyamata akangoonetsa luso, matimu a m'tauni amamutenga, kochi nkuyambiranso kuumba wina. Achikulire mukukumbukira Sucoma ya ku Nchalo, mmene matimu akuluakulu ankatsikira ku bwalo la Kalulu ali ndi mantha. Mukukumbukiranso kuti Nchalo United inalowa mu ligi yaikulu mu 2018 ndi kutulukamo chaka chomwecho. Luso kuno lilipo, anzanga, koma luso lopanda chithandizo silipita patali.

Tsopano ndibwerere kwa mphunzitsi wathu uja. Ndinapita kukamuona sabata yatha. Munthuyu amaphunzitsa m'kalasi kuyambira m'mawa, amachonga makope, ndipo anzake akamapita kukapuma iye amatsikira kubwalo. Pa ntchito ya mpirayo salandirapo kanthu kapadera. Ndinapeza ali ndi mipira iwiri, umodzi wosokasoka. Theka la anyamata limasewera opanda nsapato. Tsiku limene anagonja lija, ndalama ya galimoto inapezeka mochedwa, ndipo anyamata analowa m'bwalo asanadye kanthu chichokereni m'mawa. Ndifunse mosabisa: ndi angati mwa ife amene tikufuna kusayina kalata ija amene tinaperekapo ngakhale mpira umodzi?

Sindikunena kuti kochi salakwitsa. Amalakwitsa, ndipo ine ndinalakwitsapo kambirimbiri posankha osewera. Kudzudzula ndi kwabwino, koma kukhale ndi malo ake ndi nthawi yake, osati kutukwana pabwalo ana asukulu akumva. Mwana amene waona bambo wake akunyoza mphunzitsi Loweruka sadzamumvera mphunzitsiyo Lolemba m'kalasi.

Choncho ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, kalata ija isalembedwe. Chachiwiri, bungwe lathu likhazikitse thumba la zamasewero, logulira mipira, yunifolomu ndi nsapato, komanso lolipirira galimoto ndi chakudya timu ikamapita koyenda. Chachitatu, ife amene tinasewerapo mpira pasukulu pano ndipo tikukhala pafupi, tigawane masiku oti tizibwera kubwalo kudzathandiza, kuti mphunzitsiyu naye azipezako tsiku lopuma ndi banja lake. Mutu umodzi susenza denga. Tikachita zimenezi kwa zaka ziwiri timu nkumagonjabe, pamenepo tidzakhale pansi ndi mphunzitsiyo, tidzakambirane ngati anthu aulemu.

Ine ndayamba ndi mipira iwiri, ndaisiya kwa a msungichuma. Amene ali ndi kanthu awaone msonkhano ukatha.